Kukonza Mwambo wa Chiyanjano ndi Eni Nthaka ku Australia: Zimene Ndaphunzira ku Perth

Mawu oyamba a chinenero cha Noongar amene ndinaphunzira nditafika ku Perth ndi akuti kaya. Kwathu ku Ntcheu munthu akati kaya ndiye kuti sakudziwa, kapena mtima wake uli pawiri. Kuno ndi moni. Kwa zaka 6 tsopano ndakhala ndikuwamva mawuwa kumayambiriro kwa pafupifupi mwambo uliwonse umene ndakonza, pakuti ntchito yanga n'kuyendetsa misonkhano ndi mapulojekiti m'bungwe laling'ono lomwe si laboma. Cholinga cha bungweli n'kuyanjanitsa eni nthaka ya Australia, omwe ndi Aaborijini ndi anthu a kuzilumba za Torres Strait, ndi ena tonsefe amene tinabwera pambuyo. Abale angapo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe okhala kuno akhala akundifunsa mmene ntchitoyi imagwiridwira. Wina mpingo wake ukufuna kuchitapo kanthu mwezi wa Meyi, wina kuntchito angomuponya m'komiti ya chiyanjano osamuuza poyambira. Zimene ndikulemba pano n'zimene ndimawauza tikakhala pansi, ndipo zambiri ndi za ku Perth chifukwa n'kumene ndikudziwa bwino.

Ife tili ndi mwayi umene anzathu ambiri a muofesi alibe. Tinakulira kumene mlendo saitanitsa msonkhano pamudzi asanakaonekere kwa amfumu, ndiponso kumene maliro akagwa khasu limagona. Ntchito yonseyi yatsamira pa zinthu ziwirizo.

Dziwani kaye mwaima pa nthaka ya yani

Angerezi asanafike mu 1788, m'dziko muno munali mitundu yambirimbiri yolankhula zinenero zoposa 250, uliwonse ndi dera lake, malamulo ake ndi akuluakulu ake. Choncho palibe mwambo umodzi wa Aaborijini onse woti mungaunyamule ku Sydney n'kukautula ku Perth. Mzinda wa Perth, umene eni ake amautcha Boorloo, uli pa nthaka ya a Whadjuk, limodzi mwa magulu 14 a mtundu wa Noongar. Mtsinje umene mapu amati Swan River iwo amati Derbarl Yerrigan. Pakati pa mzinda wa Sydney ndi pa a Gadigal, Adelaide ndi ya a Kaurna, ku Melbourne kuli a Wurundjeri ndi a Bunurong. Mapu a AIATSIS, bungwe lofufuza ndi kusunga mbiri ndi chikhalidwe cha eni nthaka, amathandiza kuona chithunzi chonse, koma eni mapuwo amachenjeza okha kuti malire ake si oweruzira milandu ya malo. Ndiye funsani anthu. Kumwera chakumadzulo kwa Western Australia mungayambire ku South West Aboriginal Land and Sea Council, kapena kwa wogwira ntchito ndi Aaborijini kukhonsolo ya dera lanu, popeza makhonsolo ambiri ali naye.

Kenaka fufuzani mbiri ya malo enieniwo amene mukufuna kusonkhanitsirapo anthu, chifukwa mbiriyo imasintha mapulani. Kuyambira 1927 mpaka 1954 Mwaaborijini sankaloledwa kuyenda pakati pa mzinda wa Perth popanda chiphaso, ndipo agogo ena amene mungawaitane lero anali ana nthawi imeneyo. Chilumba cha Rottnest, kumene alendo amakajambulitsa ndi tinyama totchedwa quokka, eni ake amati Wadjemup. Pakati pa 1838 ndi 1931 kumeneko kunatsekeredwa amuna ndi anyamata achiaborijini pafupifupi 4,000 ochokera mbali zonse za Western Australia, ndipo oposa 370 anafera komweko n'kuikidwa m'manda opanda zizindikiro. Ku Pinjarra, pa 28 Okutobala 1834, gulu lotsogozedwa ndi bwanamkubwa James Stirling linapha anthu a mtundu wa Bindjareb. Lamulo la Aborigines Act la 1905 linaika ana achiaborijini m'manja mwa mkulu wa boma, ndipo m'nthawi ya A. O. Neville, amene anagwira udindowo kuyambira 1915 mpaka 1940, ana ambiri analandidwa kwa amayi awo n'kupititsidwa kumisasa ya boma ya ku Moore River ndi ku Carrolup, ndiponso kumamishoni. Anthu amenewa ndi amene amatchedwa Stolen Generations, ana obedwa, ndipo ambiri akadali ndi moyo.

Komiti ina imene ndinali nawo inasankha holo ya mpingo chifukwa inali yaulere komanso yokongola. Sitinadziwe kuti kwa mayi amene tinkafuna kuti adzalankhule, kulowa pakhomo la nyumba yotero kunali ngati kubwerera ku zaka zimene anakulira kutali ndi mayi awo. Anatiuza mwana wawo wamkazi, ndipo tinasamukira kupaki. Musanalipire holo iliyonse, funsani eni nthaka kuti malowo ali nawo bwanji.

Musayambe ndi tsiku

Mwambo wanga woyamba ndinaukonza monga ndinaphunzirira kusukulu: tsiku, holo, bajeti, mapositala. Kutatsala masabata awiri ndinaimbira foni mayi wina wamkulu wa a Whadjuk kuwapempha kuti adzatilandire kwa mphindi zisanu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa mofatsa kuti pokonza zonsezi ndinakhala pansi ndi yani. Ndinasowa choyankha. Anabwerabe mwa chifundo chawo, koma ndinaona ndekha kuti ndawasandutsa maluwa a patebulo pamwambo wokamba za moyo wawo womwe. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Masiku ano ndimayamba kutatsala miyezi 4 mpaka 6, ndipo ulendo woyamba sindinyamula mapulani. Ndimapita kumene iwo asankha, kunyumba kwawo kapena pamalo amene amakonda kukumanirana, nditatenga mabisiketi kapena zipatso. Kucheza kotere amakutcha yarn, ndipo sikukhala ndi wotchi. Funso loyamba limene angakufunseni ndi lakuti kwanu n'kuti, abale anu ndani. Musayankhe ndi dzina la bungwe kapena udindo wanu. Ine ndimanena kuti ndine Mngoni wa ku Ntcheu, ndimatchula mfunda wanga, ndimafotokoza kuti amayi anga amalima kachewere ndi chimanga. Apa m'pamene kucheza kumatseguka, chifukwa kwa iwonso munthu amadziwika ndi kumene mchombo wake unakwiriridwa. Akuluakulu amatchulidwa kuti Aunty ndi Uncle, koma mvetserani kaye mmene ena akuwatchulira, kapena funsani kuti akufuna muziwaitana bwanji. Ngati mukufuna kulemba zimene akunena, pemphani.

Ulendo wachiwiri kapena wachitatu m'pamene ndimatulutsa maganizo athu, ndipo ndimawatulutsa akadali aawisi, oti angasinthidwe. Nthawi zambiri amasinthadi. Ife tinkafuna msonkhano wa zolankhula zisanu muholo, iwo anati anthu ayende m'mbali mwa mtsinje amve mayina enieni a malo. Maganizo awowo ndi amene anakoka anthu.

Pa pulojekiti yopitirira mwambo umodzi, khazikitsani kagulu ka alangizi achiaborijini kolipidwa pa msonkhano uliwonse. Mukhale amuna ndi amayi, chifukwa pali nkhani zina zimene ndi za amuna okha ndi zina za amayi okha, ndipo mukhale anthu a mabanja osiyana. Apa samalani kwambiri. Monga mmene zimakhalira pamudzi uliwonse, mabanja ena sagwirizana pa nkhani ya amene ali woyenera kulankhulira dera lakutilakuti. Mikangano yambiri yotere inabadwa chifukwa boma linasamutsa anthu n'kuwasakaniza mokakamiza. Inu simuli woweruza. Musatengere mawu a banja lina kupita nawo kwa linzake, ndipo musasankhe munthu chifukwa choti ndiye amayankha foni msanga. Pomaliza lembani papepala limodzi kuti zotani amagamula alangizi, zotani ligamula bungwe. Kwa ife, zokhudza chikhalidwe, mawu, zithunzi ndi olankhula zili m'manja mwa alangizi. Bungwe limasenza ndalama, zilolezo, mipando ndi zinyalala.

Masiku amene muyenera kuwadziwa pamtima

Pa 13 Febuluwale anthu amakumbukira tsiku la mu 2008 limene nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa m'nyumba ya malamulo kwa ana obedwa aja. Pa 26 Meyi ndi National Sorry Day, imene inayamba mu 1998, patatha chaka lipoti la Bringing Them Home, lofufuza za kulandidwa kwa anawo, litaperekedwa kunyumba ya malamulo. Limeneli ndi tsiku la chisoni, choncho si la magule ndi mabaluni. Mawa lake imayamba National Reconciliation Week, kuyambira pa 27 Meyi mpaka pa 3 Juni. Masiku awiriwa sanangosankhidwa. Pa 27 Meyi 1967 anthu oposa 90 pa 100 alionse anavota kuti malamulo aakulu a dziko asinthe, Aaborijini aziwerengedwa pamodzi ndi anthu ena onse ndiponso boma lalikulu lizitha kupanga malamulo owakhudza. Pa 3 Juni 1992 khoti lalikulu linagamula mlandu wa Eddie Mabo wa pachilumba cha Mer, n'kukana bodza lakuti dziko lino linalibe mwini Angerezi pofika. Mabo anamwalira mu Januwale chaka chomwecho chigamulo chisanatuluke. NAIDOC Week imayamba Lamulungu loyamba la Julayi.

Masabata awiriwa amasiyana, ndipo okonza ambiri amawasokoneza. NAIDOC ndi chikondwerero cha eni nthaka okha, chimene chinaphuka kuchokera ku zionetsero zawo zomenyera ufulu. Ife timapitako ngati oitanidwa, ndipo ngati tikuthandiza, timathandiza kumbuyo. Sabata ya chiyanjano ndiye katundu wathu ife obwera: kuphunzira, kumva zoona, kukonza zolakwika. Pa 26 Januwale, tsiku limene boma limati Australia Day, Aaborijini ambiri amalira, pakuti ndi tsiku limene Arthur Phillip, mtsogoleri wa Angerezi oyamba kudzakhala kuno, anaimika mbendera ku Sydney Cove mu 1788, ndipo kuyambira 1938 akhala akulitcha tsiku la maliro. Musaikepo phwando.

M'masabata amenewa akuluakulu amaitanidwa ponseponse, ena katatu pa tsiku, ndipo ambiri ndi okalamba. Ngati nkhani yanu siikakamiza kuti ichitike sabata yomweyo, isunthireni mu Ogasiti kapena Seputembala. Mudzapeza akuluakulu atapuma, ndipo adzakhala nanu nthawi yaitali. Kumbukiraninso nyengo. A Noongar amawerenga nyengo zisanu ndi imodzi, ndipo sabata ya chiyanjano imagwa pamene Djeran ikutha ndipo Makuru, nyengo ya mvula ndi kuzizira, ikulowa. Mwambo wa panja ukhale ndi matenti, mabulangeti ndi holo yothawirako.

Kulandiridwa, kuvomereza, ndi utsi

Pali miyambo iwiri imene simuyenera kuisakaniza. Welcome to Country ndi kulandira alendo, ndipo amachita ndi mwini nthaka ya pamalopo yekha, kawirikawiri mkulu wovomerezeka ndi anthu ake. Mwaaborijini wochokera ku Broome sangalandire anthu ku Perth, monga mmene mfumu ya ku Nsanje singalandirire alendo ku Karonga. Acknowledgement of Country ndi kuvomereza kuti tili pa nthaka ya eni ake, ndipo aliyense angathe kuchita, inu ndi ine tomwe. Ngati mkulu walandira anthu, wolankhula wotsatira athokoze ndi kuvomereza. Phunzirani katchulidwe ka dzina la mtunduwo, liyeserereni mokweza kunyumba, ndipo musangowerenga mawu okopera. Ine ndimanena dzina langa, kumene ndinachokera, ndi chimene nthaka ino yandipatsa.

Kulandira alendo kukhale koyamba pa pulogalamu, bwana aliyense asanalankhule. Musamuuze mkulu zoti anene. Muuzeni za anthu amene akubwera ndi cholinga cha tsikulo, basi. Papepala langa ndimasiya mphindi 15 ngakhale atanena kuti adzangotenga zisanu, ndipo ndimauziratu woyendetsa mwambo kuti asayerekeze kuyang'ana wotchi kapena kuyandikira maikolofoni mkulu akulankhula.

Mwambo wa utsi umayeretsa malo ndi anthu. Mkulu amafukiza masamba a mitengo ya m'deralo ndipo anthu amadutsa mu utsiwo. Ntchito yanu ndi yakuti mwambowu utheke. Funsani khonsolo ngati pakufunika chilolezo choyatsa moto. Nthawi yotentha ku Western Australia boma limalengeza masiku oletseratu kuyatsa moto panja, choncho gwirizanani ndi mkuluyo kuti tsiku likakhala lotero mudzatani. Ngati mwambo uli pafupi ndi nyumba, kambiranani ndi oyang'anira nyumbayo za mabelu ochenjeza za moto, kuti utsi usawalize pakati pa mwambo. Uzani anthu a mphumu kuti aime kumene mphepo ikuchokera. Ikani madzi ndi chozimitsira moto pafupi.

Kachinthu kena: chitoliro chachitali chija chotchedwa didgeridoo kwawo kwenikweni n'kumpoto, ku Arnhem Land, ngakhale lero chimaimbidwa m'dziko lonse. M'madera ambiri amayi sachiimba. Musachiike patebulo kuti aliyense ayesere.

Ndalama

Mu bajeti yanga mzere woyamba ndi malipiro a akuluakulu, alangizi, ovina ndi ofotokoza mbiri. Holo ndi chakudya zimabwera pambuyo. Nzeru zimene akubweretsa zinasungidwa movutikira m'nthawi imene ana ankalangidwa akalankhula chinenero chawo, ndiye kupempha kuti azipereke ulere n'kulandanso kachiwiri. Funsani mtengo wawo ndipo musanenerere. Onjezani mayendedwe, malo oimika galimoto, ndi womuperekeza ngati mkuluyo amayenda ndi mdzukulu.

Chimene chimawononga ubale kwambiri ndi kuchedwa kulipira. Mabungwe ambiri amalipira patatha masiku 30, koma agogo amene athira petulo ndi ndalama yawo ya penshoni sangadikire mwezi. Ine ndinamenyera kuti akuluakulu azilipidwa tsiku lomwelo kapena sabata isanathe, ndipo ndimakonzeratu mapepala onse. Dziwani ichi: ngati munthu alibe nambala ya bizinesi yotchedwa ABN ndipo malipiro apitirira madola 75, lamulo la msonkho limati mudule 47 pa 100 alionse, pokhapokha ngati ali m'gulu la ololedwa kulemba fomu ya Statement by a supplier. Kambiranani ndi wowerengera ndalama wanu nthawi ikadalipo, ndipo fomuyo mupite nayo nokha kwa mkuluyo mukathandizane kulemba. Musamutumizire pa imelo n'kumadikira.

Gulani kwa eni nthaka paliponse pamene mungathe: ophika, ojambula, osindikiza, obwereketsa zokuzira mawu. Supply Nation ili ndi kaundula wa mabizinesi achiaborijini otsimikizika. Pofuna thandizo la ndalama, ku Western Australia mabungwe ambiri amapempha ku Lotterywest ndi kumakhonsolo, koma mayankho amatenga miyezi, ndiye pemphani msanga. Makhonsolo sakupatsani paki popanda inshulansi yoteteza anthu obwera, ndipo ogwira ntchito ndi ana amafunika chiphaso chotchedwa Working with Children Check. Ndimapatulanso 10 pa 100 alionse a bajeti kuti ikhale ya zadzidzidzi, ndipo chadzidzidzi chachikulu ndi chimene ndikufotokoza tsopano.

Maliro akagwa

Aaborijini amati Sorry Business. Munthu akamwalira abale amasiya zonse, amayenda mitunda italiitali, ndipo kulira kumatha masiku kapena masabata. Popeza mabanja ndi olukanalukana ndipo imfa zimabwera pafupipafupi m'madera awo, mudzakumana nazo ndithu. Anzanga ena a muofesi zimawazunguza. Ine sizinandivutepo kumvetsa, chifukwa ndinakula ndikuona ukwati ukusunthidwa kaamba ka maliro a pamudzi woyandikana nawo.

Chaka china, kutatsala masiku atatu kuti tichite mwambo wa anthu pafupifupi 200, Uncle amene amatitsogolera anataya mlongo wawo. Sindinawafunse ngati adzabwerebe. Funso lotero limamuika munthu pakati pa maliro ndi lonjezo. Ndinapepesa, ndinafunsa ngati pali chimene tingathandize, kenaka ndinaimbira alangizi ena kuti atiuze chochita. Anati tisunthe. Tinasuntha ndi masabata asanu, tinataya ndalama ya chikole ya chakudya, ndipo anthu ena sanabwerenso. Pa tsiku latsopanolo Uncle anabwera ndi banja lawo lonse, ana ndi zidzukulu, ndipo kuyambira pamenepo khomo lawo ndi lotsegula kwa ife.

Konzekeranitu. Pochita mgwirizano ndi eni holo ndi ophika, pemphani kuti mulembe zoti tsiku likhoza kusintha chifukwa cha maliro. Uzaninso opereka thandizo kuyambira pachiyambi, m'kalata yopemphera ndalama momwemo. Funsani mkulu wanu, zinthu zikadali bwino, kuti atalephera angakonde kuti ndani aime m'malo mwake. Asankhe yekha.

Dzina ndi chithunzi cha womwalira n'zofunika kusamala nazo. M'madera ambiri, makamaka kumpoto ndi pakati pa dziko, dzina la malemu silitchulidwa kwa nthawi ndithu ndipo chithunzi chake sichionetsedwa. N'chifukwa chake ma TV a kuno amayamba ndi chenjezo kuti pulogalamu ili ndi zithunzi ndi mawu a anthu amene anamwalira. Ikani chenjezo lotero pa kanema kapena chionetsero chanu, ndipo mukamva za imfa ya munthu amene ali pa zithunzi zanu, zichotseni kaye pa intaneti mpaka banja litanena.

Tsiku lenilenilo

Sankhani munthu mmodzi amene ntchito yake tsiku lonse ndi kusamala akuluakulu: kuwatenga kunyumba kapena kuwachingamira pamalo oimika galimoto, kuwaperekeza pampando, kuwapatsa tiyi, kuwaonetsa kuchimbudzi. Mipando yawo ikhale kutsogolo, pamthunzi, yokhala ndi pogwira. Pa chakudya akuluakulu ayambe ndiwo. Ambiri ali ndi matenda a shuga, choncho pakhale zipatso ndi zakumwa zopanda shuga. Nyama ya kangaroo yophika ndi msuzi pamodzi ndi buledi wa damper zimakondedwa kwambiri nthawi yozizira. Phikani zochuluka, popeza mkulu sabwera yekha, ndipo konzani mabokosi oti anthu atengere zotsala. Mowa ine sindiika.

Yang'anani mbendera musanatsegule zitseko. Ya Aaborijini, imene Harold Thomas anaijambula mu 1971, chakuda chimakhala pamwamba, chofiira pansi, dzuwa lachikasu pakati. Ndaipezapo itapachikidwa chadodolido ndi anthu a mtima wabwino. Ya Torres Strait, ya Bernard Namok ya mu 1992, ikhaleponso.

Ngati wina adzafotokoza za kulandidwa kwake ali mwana, muchite naye mokoma mtima koposa. Akhale ndi ufulu wosiya pakati kapena kusintha maganizo m'mawa womwewo. Pakhale chipinda kapena tenti yabata, ndi mlangizi wachiaborijini wodziwa kuthandiza anthu osweka mtima. Lembani pa pulogalamu za 13YARN, foni imene amayankha ndi Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait usana ndi usiku. Nthawi ya mafunso ndi imene imapweteka anthu kawirikawiri, chifukwa pamapezeka wina wofunsa kuti bwanji osangoiwala zakale. Ine ndimapempha kuti mafunso alembedwe papepala, ndipo woyendetsa mwambo asankhe pamodzi ndi wolankhulayo.

Zithunzi, nkhani ndi zojambula

Nkhani imene mkulu wafotokoza pamwambo ikadali yake. Kuijambula pa kanema, kuiika pa Facebook kapena m'lipoti la opereka thandizo kumafuna chilolezo china, cholembedwa m'mawu osavuta, chonena kumene idzaonekere, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi mmene angaichotsere akafuna. Zojambula za timadontho musazikopere pa intaneti kuti mukongoletsere positala. Kajambulidwe kameneko kanatchuka kuchokera ku Papunya, m'chipululu, kuyambira 1971, ndipo a Noongar ali ndi kawo, monga zithunzi za mitengo ndi mapiri zimene ana a ku Carrolup ankajambula cha m'ma 1940, zomwe zina zinabwezedwa kuchokera ku America mu 2013 ndipo zikusungidwa ku Curtin University. Lembani ntchito wojambula wa m'deralo, mulipireni, mugwirizane kuti chojambulacho chigwira ntchito yanji, ndipo dzina lake lizioneka.

Ntchito yopitirira tsiku limodzi

Amene mwaikidwa m'komiti kuntchito mudzamva za RAP, pulani ya chiyanjano imene bungwe la Reconciliation Australia, lomwe linakhazikitsidwa mu 2001, lakhala likuvomereza kuyambira 2006. Ili ndi masitepe anayi: Reflect, Innovate, Stretch ndi Elevate. Malangizo anga ndi achidule. Lonjezo lililonse likhale ndi dzina la munthu, tsiku ndi ndalama yake. Malonjezo asanu okwaniritsidwa aposa makumi atatu a papepala. Ndipo ngati kuntchito kwanu kuli Mwaaborijini mmodzi kapena awiri, musawasenzetse zonse. Munthu analembedwa ntchito yowerengera ndalama, koma Meyi akafika aliyense amathamangira kwa iye kuti akonze mwambo, aphunzitse anzake, ayankhe mafunso opweteka, popanda malipiro owonjezera. Zimenezo zimatopetsa anthu mpaka kusiya ntchito.

Dziwaninso nyengo imene tikugwiramo ntchito. Pa 14 Okutobala 2023 dziko linavota pa nkhani yokhazikitsa m'malamulo aakulu bungwe lolankhulira eni nthaka, lotchedwa Voice, pempho limene linachokera mu Uluru Statement from the Heart, chikalata chimene nthumwi za eni nthaka zinalemba mu 2017. Anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse anakana, ndipo zigawo zonse zisanu ndi chimodzi zinakana. Atsogoleri ambiri achiaborijini anakhala chete sabata yathunthu. Kuchokera pamenepo mudzakumana ndi akuluakulu amene mawu akuti chiyanjano sakufunanso kuwamva, ndipo akuti choyamba zoona zinenedwe. Musatsutsane nawo, ndipo musawakakamize kumwetulira pa chithunzi. Mapulojekiti athu abwino kwambiri kuyambira nthawi imeneyo akhala aang'ono: anthu 20 kuzungulira moto, kumva mbiri ya dera lawo lomwe kuchokera kwa amene anaiona.

Lipoti la opereka thandizo limafuna manambala, ndiye sungani malisiti onse ndi chiwerengero cha obwera kuyambira tsiku loyamba. Koma ine ndimalemba lipoti lachiwiri, la tsamba limodzi, lopita kwa alangizi ndi akuluakulu: tinalonjeza izi, tachita izi, ndalama zinapita uku, apa tinalakwitsa. Limeneli sinditumiza pa imelo. Pasanathe masabata awiri ndimapita nalo ndekha, pamodzi ndi zithunzi zosindikiza zoti asunge ndi kusankha zimene alola kuti tigwiritse ntchito. Timamwa tiyi, amandiuza amene anakhala pampando wolakwika, amene tinaiwala kumuitana, ndi kuti maikolofoni inali kutali ndi Aunty amene mawu awo ndi otsika. Ndimalemba zonsezo m'kope langa, ndipo tsamba limenelo ndi limene ndimayamba kutsegula ndikamakonza mwambo wotsatira.